Chimene chimadya mapayipi a m'zitsime za mafuta

Mwana wa mlongo wanga amagwira ntchito pa zitsime za mafuta ku Angola. Ulendo wina atabwera kutchuthi anandipeza pa shedi yanga ku Chilenje ndikusankhula mapayipi amene tinazula pa mjigo wina ku Luapula. Anali mapayipi okutidwa ndi zinki aja timati GI, a mamita atatuatatu, ndipo anayi mwa khumi anali atabooka pa mazinga. Azimayi a kumeneko anali atasiya kale kutungapo chifukwa madziwo ankafiiritsa nsima ndi zovala. Mnyamatayo anatola imodzi, n'kuisuzumira mkati, kenaka anatulutsa foni.

"Amalume, onani zathu."

Pa chithunzipo panali payipi yong'ambidwa pakati m'litali ngati bango. Kunja inali yosalala, zilembo za kufakitale zikuwerengeka bwinobwino. Mkati munali maenje a m'mbali mwakuthwa ndi pansi pafulati, ngati munthu wakomba nsima yozizira ndi supuni. Mtundu wake sunali wofiira uja tinauzolowera pa malata ndi pa mageti, umene ena kuno amati nguwe. Unali wotuwa mopita kukuda. Anati payipiyo sinakwanitse zaka ziwiri m'chitsime.

"Iwe, mafuta angadye chitsulo bwanji? Ife timapaka oyilo wakuda pa makasu kuti asachite dzimbiri."

"Si mafuta, amalume. Ndi madzi."

Kuno kwathu ku Zambia tilibe chitsime chotulutsa mafuta ngakhale chimodzi. Tili ndi payipi yonyamula mafuta ya TAZAMA ya makilomita 1,710, yochoka ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, imene inayamba ntchito mu 1968, ndiponso zitsime za madzi zosawerengeka zimene theka la Lusaka likumwa. Komabe munthu amene anazulapo payipi yobooka pa mjigo ali kale pakhomo pa nkhaniyi. Chosiyana n'chakuti pansi pa makilomita atatu chitsulo chimadyedwa ndi zinthu zina, ndipo chimafa imfa zina.

Chitsime cha mafuta ndi mapayipi ovalana. Akamakumba amalowetsa payipi yaikulu yotchedwa casing, n'kuimata ndi simenti ku thanthwe. Imeneyo ikalowa yalowa, siitulukanso. Mkati mwake amapachikamo ina yaing'ono, tubing, ndipo mafuta ndi gasi amakwera m'menemo. Kumunsi amaika packer, chotsekera champhira chimene chimadinda mpata wa pakati pa ziwirizo kuti zochokera m'thanthwe zisakhudze casing. Ndiye kuti tubing anaiikiramo dala kuti izilandira nkhonya, popeza iyo ingathe kuzulidwa n'kusinthidwa. Koma kuzula si masewera. Tubing yofala kwambiri ndi ya mamilimita 73 m'mimba mwake, khoma lake mamilimita 5.5 basi, ndipo chidutswa chilichonse ndi cha mamita pafupifupi 9. Chitsime cha mamita 3,000 chimameza zidutswa zoposa 300 zolumikizana pa mazinga, zolemera matani pafupifupi 29. Tayerekezani thiraki yodzaza simenti italendewera pa payipi imodzi ya pamwamba. Kabowo kamodzi kokwana nsonga ya pensulo kamaimitsa chitsime, kamaitanitsa makina ozulira, ndipo ngati ndi panyanja ndalama zake n'zoti ife a mijigo sitingaziwerenge n'komwe.

Chitsulo sichipezeka choyera m'nthaka. Chimakumbidwa ngati mwala, ndipo ng'anjo ndiyo imachikakamiza kukhala chitsulo. Moyo wake wonse chimafuna kubwerera kumene chinachokera, koma chokha sichingathe. Chimafuna madzi. Chikanyowa, pamwamba pake pamabadwa timabatire ting'onoting'ono: malo ena chitsulo chimasungunukira m'madzi n'kusiya ma elekitironi, ma elekitironiwo amayenda m'chitsulo momwemo kukafika malo ena kumene chinthu china chimawalandira. Popanda wolandira, zonse zimaima. Pamwamba pano wolandira ndi okosijeni wa mumpweya, ndipo zotsatira zake ndi dzimbiri lofiira. M'thanthwe la mafuta mulibe okosijeni, anatha zaka mamiliyoni zapitazo. Kumeneko wolandira ndi asidi.

Mafuta enieniwo amateteza. Chitsime chikakhala chatsopano, mafuta amapaka khoma la payipi, ndipo timadzi tochepa timayenda titakutidwa m'mafutamo osakhudza chitsulo. Koma pansi pa mafuta aliwonse pali madzi akale, nthawi zambiri amchere kuposa a m'nyanja, ndipo chitsime chikamakalamba madziwo amachuluka. M'minda yakale ya mafuta si zachilendo kuti pa madiramu khumi otuluka, asanu ndi anayi akhale madzi. Tsiku limene madzi alanda khoma ndi tsiku limene wotchi imayamba kuwerenga. N'chifukwa chake chitsime chimatha kukhala zaka khumi osavuta, kenaka n'kubooka kawiri m'zaka zitatu, payipi yake ili yomweyo, fakitale yake ili yomweyo.

Mpweya wa mu Fanta

Wakudya woyamba ndi carbon dioxide, CO2, mpweya womwe uja umathetheka mukatsegula botolo la Fanta. Ukasungunuka m'madzi umapanga asidi wofooka. Pa tebulo alibe vuto, timamwa. M'chitsime nkhani imasintha chifukwa cha pulesha. Tinene kuti pansi pali pulesha ya mabaa 200 ndipo mu gasi wake magawo 2 pa 100 ndi CO2. Gawo la CO2 pa puleshayo ndi mabaa 4, kuwirikiza pafupifupi 10,000 mphamvu ya CO2 wa mumpweya umene tikupumawu. Onjezanipo kutentha, kumene kumakwera madigiri 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse yopita pansi. Ndiye muli ndi Fanta wowira, wamchere, wothamanga usana ndi usiku pa chitsulo chosapentedwa. Choipa cha asidi ameneyu n'chakuti satha: wina akagwira ntchito pa chitsulo, gasi amasungunula wina pomwepo.

Akale a ntchitoyi anali ndi muyezo wa pamtima. CO2 akakhala pansi pa theka la baa, osadandaula kwambiri. Akapitirira mabaa 2, yembekezani mavuto. Mu 1975 akatswiri awiri a kampani ya Shell, de Waard ndi Milliams, analemba njira yowerengera liwiro la kudyekako potengera kutentha ndi pulesha ya CO2, ndipo mapulogalamu ambiri a pakompyuta a lero anamera pa muzu umenewo. Pamene zinthu zaipa, chitsulo wamba chimatha mamilimita angapo pa chaka. Kumbukirani khoma lija la 5.5.

Tsono apa ndi pamene nkhaniyi imandikoma, chifukwa ketulo ya m'nyumba mwanu ikulowamo. Lusaka anakhala pa miyala ya laimu ndi dolomite, n'chifukwa chake madzi a m'zitsime zathu amasiya chikhungwa choyera mu ketulo ndi mu giza. Timachida, koma madzi otere sadya payipi msanga. Laimu wosungunuka amaziziritsa asidi monga momwe laimu wa m'munda amachitira ndi dothi lowawasa. Madzi a ku Luapula aja alibe laimu wokwanira, ndiye ankadya zinki ndi chitsulo chomwe. Pansi pa nthaka zilinso chimodzimodzi. Madzi ochokera m'thanthwe la laimu amakhala ofatsa. Oopsa ndi a m'chitsime cha gasi, amene amakwera ngati nthunzi n'kudzasanduka madontho pa khoma pamene payamba kuzizira, monga madontho a pansi pa chivundikiro cha poto. Amenewo ndi madzi oyera opanda laimu ngakhale pang'ono, ndipo CO2 akalowamo pH yawo, nambala imene imatsika asidi akamachuluka m'madzi, imafika pansi pa 4.

Chitsulo chodyedwa ndi CO2 nacho chimapanga chikhungwa chake, chotuwa, chotchedwa iron carbonate. Kutentha kukapitirira madigiri 60 chikhungwacho chimayamba kulimba, ndipo kumunsi kotentha kwambiri chimamata bwino mpaka kudyeka kumachepa. Kumtunda kozizira asidi amagwira ntchito mwaulesi. Choncho m'zitsime zambiri malo ovuta si pansi penipeni kapena pamwamba penipeni, koma chapakati, pamene chikhungwa chilipo koma n'chosadalirika. Mafunde a madzi akachisenda pamalo amodzi, kachigamba ka chitsulo chamaliseche kamazunguliridwa ndi dera lalikulu lokutidwa. Batire lonse limathira mphamvu zake pa kachigambako. Ndiwo maenje a pa foni aja, a m'mbali mwakuthwa ndi pansi pafulati. Amawatcha mesa, dzina la mapiri afulati a ku America. Mukayeza kulemera kwa payipi yotere mupeza kuti yataya pang'ono chabe, koma yabooka.

A ntchitoyi chitsime cha CO2 amachitcha sweet, chotsekemera. Dzina lonamiza. Amatero pochisiyanitsa ndi chinzake, sour, chowawasa, chimene chili ndi wakudya wachiwiri.

Fungo la dzira lovunda

Hydrogen sulphide, H2S, tonse timamudziwa ndi mphuno. Ndi fungo la dzira lovunda, la chimbudzi chimene akupopa ku Kanyama. Akachuluka amapha mphuno yomweyo, munthu n'kuganiza kuti fungo latha, ndipo akachulukirapo amagwetsa munthu pomwepo. Pa chitsulo amasiya mwaye wakuda, ndipo mukadonthezapo asidi fungo la dzira limabwerera. Ndi momwe a pachitsime amamuzindikirira msanga. Amakumba maenje ngati CO2, koma chimene amaopedwa nacho n'china.

Asidi akamadya chitsulo pamatuluka haidrojeni, amene tizidutswa take ndi tating'ono kwambiri. Mwa masiku onse tizidutswa ta haidrojeni timagwirana tiwiritiwiri n'kuuluka ngati thovu. H2S amatiletsa kugwirana. Tikakhala tokhatokha timalowa m'chitsulo momwemo, n'kumayenda pakati pa njere zake ngati nyerere mu thumba la shuga. Tikapeza kampata timasonkhana, ndipo nthawi zina chitsulo chimatupa matuza. Koma chikakhala cholimba kwambiri ndiponso chikukokedwa, chimathyoka phwa, ngati galasi. Sichiyamba chapyapyala, sichidontha, sichichenjeza. Mukayeza khoma mupeza mamilimita onse alipo.

Owotcherera a ku Kalingalinga amadziwa theka la nkhaniyi popanda buku. Chitsulo chofewa cha mageti mukachimenya chimapindika. Fayilo kapena sipuling'i ya galimoto mukaimenya molakwika imaduka. Mapayipi a m'zitsime ali ndi magiredi olembedwa m'malamulo a American Petroleum Institute: J55, N80, L80, P110 ndi ena. Nambalayo ndi mphamvu yake, ndipo ikakula chitsulo chimanyamula katundu wambiri. Munthu wosadziwa angati chitsime chovuta chimafuna nambala yaikulu. Pamene pali H2S zimatembenuka: P110 ndiyo imathyoka, L80 n'kupirira, chifukwa L80 anaiphika mosamala kuti isapitirire kuuma. Lamulo la akatswiri a za kudyeka kwa zitsulo lotchedwa NACE MR0175, limene linatuluka mu 1975 ndipo lero likuyenda limodzi ndi ISO 15156, limati chitsulo wamba cha m'chitsime chowawasa chisaume kupitirira 22 pa sikelo yoyezera kuuma kwa chitsulo ya Rockwell C. Ndipo malire oti chitsime chiyambe kuwerengedwa chowawasa ndi otsika modabwitsa, pulesha ya H2S ya makilopasikali 0.3 basi. M'chitsime chathu cha mabaa 200 chija, amenewo ndi magawo 15 okha pa miliyoni.

China chotembenuka n'chakuti kuthyoka kumeneku kumakonda kozizira. Kotentha haidrojeni sakhazikika m'chitsulo, ndipo lamulo lomwelo limalola P110 pamene kutentha sikutsika pansi pa madigiri 80. Ndiye payipi ili pangozi kwambiri ndi ya pamwamba ija, yozizira kuposa zonse komanso yonyamula matani onse 29. Chitsime chikatsekedwa kwa sabata n'kuzizira, dera langozi limatsikira m'munsi.

Dziko linaphunzira izi movutika. Mu 1951 ku Lacq, kum'mwera chakumadzulo kwa France, anapeza gasi wochuluka kwambiri koma wokhala ndi H2S pafupifupi magawo 15 pa 100. Zitsulo zabwino za nthawi imeneyo zinkathyoka m'kanthawi kochepa, ndipo gasiyo sanayambe kugulitsidwa mpaka 1957, opanga zitsulo atapeza mtundu wopirira. Wina angati zimenezo n'zakale. Koma mu Seputembala 2013 munda waukulu wa Kashagan, pa nyanja ya Caspian ku Kazakhstan, unayamba kutulutsa mafuta patapita zaka zambiri akumanga, ndipo patangotha masabata ochepa unaima chifukwa mapayipi opita kumtunda anang'ambika ndi H2S. Anachita kuyala atsopano okutidwa mkati ndi chitsulo chodula, ndipo mafuta anayambanso kuyenda mu 2016. Makampani ake anali akuluakulu a padziko lonse, mabuku onse ali nawo.

Zimene anthu amabweretsa okha

Okosijeni ndinati kulibe pansi, koma anthu amapita naye. Kuti mafuta apitirize kukwera, amapopera madzi m'thanthwe kudzera m'zitsime zina, ndipo madzi a mumtsinje kapena m'nyanja amakhala ndi okosijeni pafupifupi mamiligiramu 8 pa lita. Chitsulo wamba cha m'chitsime chopopera madzi chimafuna kuti atsike kufika pa magawo 20 pa biliyoni kapena kucheperapo, ndiye kuti kuchepetsa ka 400. Amamuchotsa m'nsanja zoyamwa mpweya, wotsalayo n'kumumaliza ndi mankhwala a bisulphite. Thanki imodzi yosiyidwa pululu kapena pampu yoyamwa mpweya pa chisindikizo chotha zimakwanira kuwononga ntchito yonseyo. Okosijeni akakumana ndi CO2 kapena H2S m'payipi imodzi, kudyeka kwake kumaposa kwa aliyense payekha.

Madzi omwewo amabwera ndi mabakiteriya. Pali mtundu wina umene sufuna okosijeni, umapuma sulphate, amene ndi wochuluka m'madzi a m'nyanja, n'kutulutsa H2S. Umamanga nyumba zoterera pa khoma, makamaka pansi pa matope pamene madzi sathamanga, ndipo pansi pa nyumba iliyonse pamakumbika dzenje. Choipitsitsa n'chakuti umatha kusandutsa munda wonse. Minda ina ya ku North Sea, nyanja ya ku Ulaya, inayamba yopanda H2S, ndipo patapita zaka akupoperamo madzi a m'nyanja inayamba kununkha, mapayipi ake atasankhidwa kale poganiza kuti H2S kulibe. Amalimbana nawo ndi mankhwala opha tizilombo monga glutaraldehyde, kapena kuthira nitrate kuti mabakiteriya a mtundu wina alande chakudya.

Zotsalazo n'zosavuta kumva. Mchenga wothamanga umapala chikhungwa ngati sandipepa, makamaka pokhota ndi pamene payipi yachepa. M'zitsime za mafuta zokhala ndi pampu yogwedeza mutu, ndodo imakhuza tubing pokwera ndi potsika, ndendende momwe ndodo ya mjigo imadyera payipi pamene chitsime chinakumbidwa chokhota. Asidi wamphamvu amene amathira dala kuti atsegule thanthwe amadyanso payipi ngati mankhwala oteteza achepa kapena akachedwa kumutulutsa. Mano a sipanala yomangira amasiya zipsera zimene mng'alu umayambirapo. Ndipo pali kudyeka kwina kozungulira ngati mphete pafupi ndi mapeto a payipi, pamene fakitale inatenthetsa ponenepetsa mutu wake koma osaiphikanso yonse. Dzina lake pa Chingelezi ndi la chipere, ndipo amene anaona geti likuyamba dzimbiri m'mbali mwa chowotcherera sangadabwe.

Kuteteza

Palibe mankhwala amodzi, chifukwa chitsime chilichonse chili ndi madzi akeake. Ntchito imayambira pa botolo: kutunga madzi ndi gasi a pansi, kuyeza mchere, laimu, CO2 ndi H2S, ndiponso kulosera mmene zidzakhalire madzi akadzachuluka zaka khumi zikubwerazo. Ifenso a mijigo tinauzidwa kalekale kuti pamene pH ili pansi pa 6.5 tisaikepo mapayipi a GI a pampu ya India Mark II, tiike apulasitiki kapena a chitsulo chosachita dzimbiri. Kapepala koyezera n'kotchipa kuposa botolo la Mosi. Koma ndi mijigo ingati imene inamangidwa popanda wina kukaviika m'madzi?

Botolo likayankha, pali njira ziwiri: kugula chitsulo chotchipa n'kumachidyetsa mankhwala moyo wake wonse, kapena kulipira kamodzi chitsulo chodziteteza chokha. Pamtunda, pamene makina ozulira ali pafupi, njira yoyamba imapambana kawirikawiri. Pansi pa nyanja, pamene kuzula kumodzi kungadye phindu la chaka, amasankha yachiwiri.

Chitsulo chodzitetezacho chinsinsi chake ndi chromium. Mu 1913 Harry Brearley wa ku Sheffield anapeza kuti chitsulo chokhala ndi chromium pafupifupi magawo 13 pa 100 sichichita dzimbiri, ndipo tubing yotchedwa 13Cr ndi mdzukulu wa chitsulo chimenecho. Chromium amapanga kakhungu kosaoneka ndi maso kamene CO2 amalephera kukaboola. Mwala wake wambiri umakumbidwa kuno kum'mwera kwa Africa, ku South Africa ndi pa Great Dyke ku Zimbabwe. Koma 13Cr ili ndi malire. H2S akachulukirapo imang'ambika. Madzi amchere okhala ndi okosijeni amaiboola timaenje ngati ta singano, mwakuti imatha kuwonongeka ili pa yadi m'mbali mwa nyanja isanalowe n'komwe m'chitsime. Mazinga ake amalumana msanga, ndiye pomanga amapita pang'onopang'ono ndi zida zosasiya mano. Chitsime chikaposa apo amakwera ku duplex, ya chromium magawo 22 kapena 25 pa 100, ndipo chikafika pa zonga za ku Lacq amapita ku zitsulo za nickel wambiri, mwala womwe uja umapezeka ku Munali kufupi ndi Mazabuka. Sitepe iliyonse mtengo umawirikiza.

Mankhwala oteteza, ma inhibitor, ndi ochenjera. Kachidutswa kake kalikonse kali ngati mbululu: mutu umakakamira pa chitsulo, mchira wamafuta n'kuloza kunja. Timbululu tikandandalika timapanga mpanda wopyapyala umene madzi safika nawo pa khoma. Pamafunika pang'ono chabe, magawo makumi angapo pa miliyoni. Ena amathira mosalekeza kudzera mu kapayipi konga ka mabuleki a galimoto kotsikira pansi m'mbali mwa tubing, ena amathira chigulu kamodzi pa masabata angapo. Mpandawo umakokoloka, ndiye uyenera kumangidwanso nthawi zonse.

Ine ndimaona kuti apa ndi pamene zitsime zambiri zimafera, osati mu labotale. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti popanda mankhwala chitsime chimadya mamilimita 10 pa chaka, ndipo ndi mankhwala chimadya 0.1. Pampu yothira mankhwala ikaima mwezi umodzi wokha pa chaka, masiku atatu apa, sabata apo, mwezi umenewo wadya mamilimita oposa 0.8, pamene miyezi ina 11 yonse pamodzi sinafike pa 0.1. Payipi imene pa pepala inayenera kukhala zaka makumi yatha m'zaka zochepa, ndipo lipoti likunena zoona kuti mankhwala ankathiridwa masiku oposa 90 pa 100. Zoimitsa pampu si zachilendo kwa ife a m'dziko la kuzimazima kwa magetsi: diramu yatha ndipo oda sinasainidwe, kapayipi katsekeka, mafuta atsika mtengo ndipo abwana adula bajeti. Ndinafunsa mwana wa mlongo wanga ngati payipi ya pa foni ija inali ndi mankhwala. Anati, "Pa pepala inali nawo, amalume."

Njira ina ndi kuvala mkati mwa payipi ndi pulasitiki kapena fibreglass. M'zitsime zopopera madzi zimathandiza kwambiri, bola zida zotsitsidwa ndi waya zisakande, chifukwa pokandika pamasanduka kachigamba kaja. Palinso chitetezo cha magetsi, chonga ndodo ya magnesium ya mu giza imene imadyeka m'malo mwa thanki. Chimenechi chimagwira kunja kwa casing ndi kunja kwa mapayipi okwiriridwa m'nthaka, koma mkati mwa tubing sichifikamo. Mpata wa pakati pa tubing ndi casing amaudzaza madzi oyera ochotsedwa okosijeni, othiridwa mankhwala opha tizilombo.

Popeza palibe amene angalowe kukaona, amamvetsera ndi zida. Amapachika kachitsulo koyezedwa kulemera m'njira ya mafuta, n'kukachotsa patapita miyezi kuti aone kataya magalamu angati ndiponso ngati kali ndi maenje. Amayeza chitsulo chosungunuka m'madzi otuluka. Chikakwera mwadzidzidzi, penapake pakudyeka. Amatsitsa chida cha zala 24, 40 kapena 60 chimene chimapapasa khoma pokwera n'kujambula dzenje lililonse. Chilichonse chili ndi bodza lake. Kachitsulo ka pamwamba kamanena za pamwamba, pamene vuto lili mamita 1,500 pansi. Zala zimatha kudutsa pa dzenje lodzaza chikhungwa n'kunena kuti khoma ndi losalala, ndipo mng'alu wa H2S siziuona n'komwe. Chizindikiro chomaliza ndi geji ya mpata wa pakati uja. Iyenera kukhala phee. Ikayamba kukwera, ndipo mukaiphwetsa n'kukweranso, tubing kapena packer yabooka, ndipo casing yayamba kumwa zimene sinapangidwire.

Zimene zimachitika casing ikatsala yokha zinaoneka ku Aliso Canyon, pafupi ndi Los Angeles. Kumeneko kuli munda wakale wa mafuta umene m'ma 1970 unasandutsidwa nkhokwe yosungiramo gasi. Chitsime china chotchedwa SS-25, chokumbidwa m'ma 1950, ankachigwiritsa ntchito podutsitsa gasi mu tubing ndi mu mpata wa casing momwe kuti azituluka wambiri, choncho pakati pa gasi ndi nthaka panali khoma limodzi lokha. Pa 23 Okutobala 2015 anapeza kuti chikutuluka. Chinatuluka mpaka Febuluwale 2016, matani a gasi wa methane pafupifupi 100,000 anapita mumlengalenga, ndipo mabanja masauzande a m'dera loyandikana la Porter Ranch anasamuka m'nyumba zawo. Kafukufuku amene anatuluka mu 2019 anapeza kuti casing inang'ambika pa mamita osakwana 300 kuchokera pamwamba, itadyedwa kuchokera kunja ndi madzi a pansi wamba ndi tizilombo take, madzi a mulingo womwe ife timakumba mijigo. Zitsime za kumeneko zimene zinaloledwa kuyambiranso mu 2017 zinalamulidwa kudutsitsa gasi mu tubing mokha, packer ili m'malo mwake, ndipo mpata wa pakati uli ndi geji yoyang'aniridwa usana ndi usiku.